Ndasintha oxygen sensor koma check engine yayakanso, vuto ndi chani?

Uthenga womwe talandira ukuti:

"Akatswiri thandizeni. Galimoto yanga ndi ya petulo, ya 2009, masilinda 4, yayenda makilomita pafupifupi 190,000. Mwezi watha nyale ya check engine inayaka, ndinapita kwa makanika anayika kompyuta inatulutsa P0420. Anati oxygen sensor yafa, tinagula ina kuyikapo, anafufuta khodi nyale inazima. Patangopita masiku ochepa yayakanso, pano ikutulutsa P0420 yomweyo komanso ina P0171 yomwe kunalibe poyamba. Mafuta ikumwa kwambiri kusiyana ndi kale ndipo ndikaima pa loboti nthawi zina imanjenjemera pang'ono. Wina akuti ndingochotsa catalytic converter yo basi, wina akuti ndizichotsa batire usiku nyale izizima yokha. Kodi ndizingoyenda nayo chonchi? Injini siifa?"

Achimwene, zikomo polemba zonse bwinobwino mpaka makhodi, chifukwa ambiri amangoti nyale yayaka basi nde munthu umasowa poyambira. Khazikani mtima pansi kaye. Mmene mwafotokozeramu injini yanu siili pafupi kufa, ndipo makhodi awiriwa ndi ena mwa omwe amabwera kwambiri pa ntchito yathuyi. Ngati nyaleyo yangoyaka osaphethira, geji ya kutentha ili pomwe imakhala masiku onse, nyale ya oyilo sinayake ndipo galimoto ikukoka bwino, mutha kuyenda nayo maulendo afupiafupi uku mukukonza zopita nayo kokayeza. Koma ikangoyamba kuphethira, kuyaka kuzima kuyaka kuzima, pamenepo ndi nkhani ina. Kuphethirako kompyuta ikukuuzani kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, petulo wosapsa akukalowa mu ekizozi nkukapsera mkati mwa catalytic converter, chida cha pa ekizozi chotsuka utsi, ndipo kutentha kwake kumatha kusungunula zamkati mwake pa nthawi yochepa kwambiri. Zikatero chotsani phazi pa moto, pezani poima pabwino, zimitsani. Musakakamize kuti ndingofika kaye.

Tsopano pomwe zinthu zinayamba kusokonekera ndi pa tsiku loyamba lomwe lija. Khodi siitchula chinthu choti mugule ayi. Imangonena malo omwe kompyuta yaona kuti manambala sakugwirizana. P0420 tanthauzo lake nloti catalytic converter ya bank 1 sikutsuka utsi kufika pa mlingo womwe kompyuta ikuyembekezera. Mulibemo mawu oti sensa yafa. Sensayo ndi imene yangobweretsa uthengawo, nde kuisintha musanayeze china chilichonse zili ngati mwana watentha thupi inu nkukagula thermometer yatsopano, mwanayo akadali ndi malungo ake. Sindikunyoza makanika wanu, sensa nthawi zina imafadi ndipo pa makilomita 190,000 itha kukhala yotopa, koma imayenera kugwidwa ndi umboni kaye. Ikafa yokha kawirikawiri imakhala ndi makhodi akeake, monga P0133 yonena kuti yakutsogolo ikuchedwa kuyankha, P0135 kapena P0141 zonena za hita ya mkati mwake. Inu simunatchule ngakhale imodzi mwa izi.

Kuti timvane bwino ndikufotokozereni mmene zimagwirira ntchito. Injini ya petulo imafuna mpweya ndi mafuta zisakanikirane pa mlingo wa 14.7 kwa 1 potengera kulemera. Kompyuta imayeza mpweya wolowa, pa magalimoto ambiri kudzera pa sensa ya MAF yomwe imakhala pa paipi yochokera ku air filter, ena amagwiritsa sensa ya MAP yoyeza pressure ya mpweyawo, kenako imawerengera mafuta oti ma injector athire. Ikathira siingokhulupirira, imafuna kudziwa ngati yalondola, nde pali sensa yoyamba pa ekizozi utsi usanafike pa catalytic converter, imayeza okosijeni wotsala mu utsimo. Akachuluka kompyuta imati mafuta achepa nkuwonjezera, akachepa imati mafuta achuluka nkubweza, ndipo izi zimachitika kangapo pa kanthawi kochepa injini yonse ikamayenda. Nzeru imeneyi si yatsopano, Bosch ndi Volvo anayamba kuika sensa yotere pa galimoto mu 1976. Sensa yachiwiri imakhala kuseri kwa catalytic converter ndipo ntchito yake yaikulu ndi kulondera converter yo ngati ikugwira. Mukaona pa sikana, makina owerengera makhodi aja, palembedwa sensor 1 ndi yakutsogolo, sensor 2 ndi yakumbuyo, bank 1 ndi mbali yomwe kuli silinda nambala 1, ndipo injini zambiri za masilinda 4 zimangokhala ndi bank imodzi yomweyo.

Mkati mwa converter muli dongo lowotcha lokhala ndi timabowo tambirimbiri, lopakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Ikatentha mokwana imasandutsa carbon monoxide, mafuta osapsa ndi mpweya woipa wa NOx kukhala mpweya wosaopsa kwambiri, ndipo pochita zimenezi imasunga okosijeni nkumamutulutsa pang'onopang'ono. Ndichifukwa chake sensa yakutsogolo yamtundu wakale uja imadumphadumpha pakati pa 0.1 ndi 0.9 volts pomwe yakumbuyo imakhala phee chapa 0.6 kapena 0.7 ngati converter ili bwino. Yakumbuyo ikayamba kudumpha motsanzira yakutsogolo kompyuta imadziwa kuti utsi ukungodutsa osatsukidwa, basi P0420. Nde taonani, sensa yakumbuyo yakufa kapena yaulesi nthawi zambiri siidumpha nkomwe. Yomwe ikudumpha bwino ndi yamoyo, ikunena zoona. Pena munthu ukaika yatsopano khodi imabwera msanga kuposa kale chifukwa yatsopanoyo ikuona bwino.

Ine ndikanakhala ndi galimoto yanu P0420 ndikanaisiya kaye pambali nkuyamba ndi P0171. Khodi iyi ikuti kompyuta yakhala ikuwonjezera mafuta mpaka yafika pothera koma sensa ikunenabe kuti achepa. Injini yomwe mafuta ndi mpweya sizikusakanikirana bwino singakupatseni chiweruzo cholondola cha converter, ndipo ngati converter yafadi pali china chinaipha, nthawi zambiri chimakhala cha mbali yomweyi. Chinanso chandigwira mtima mu uthenga wanu nchakuti P0171 kunalibe poyamba, yabwera sensa itasinthidwa. Pamenepo funso loyamba kwa makanika likhale lakuti anasintha iti, yakutsogolo kapena yakumbuyo, ndipo anaikapo yamtundu wanji. Magalimoto ambiri a zaka zimenezo, makamaka a Toyota, Honda, Nissan ndi Subaru, kutsogolo amakhala ndi air fuel sensor, ena amati wideband, yomwe kunja imaoneka chimodzimodzi ndi oxygen sensor wamba, ulusi wake womangira ndi womwewo, pena mawaya ndi 4 omwewo, koma mkati ndi zosiyana kutalitali. Iyi siidumpha 0.1 mpaka 0.9 ayi, pa ma Toyota ambiri sikana imaonetsa chapa 3.3 volts osasunthasuntha, ndipo ndaonapo anthu akutaya sensa yabwinobwino poganiza kuti yauma. Mukaikapo ya universal yodula mawaya nkulumikiza, kapena yotchipa yopanda dzina, kompyuta imalandira bodza. Yang'anani part number ya yomwe ili pa galimoto pano muifananize ndi yomwe wopanga analemba pa injini yanuyo, ndipo ngati yakale ija simunataye isungeni, itha kubwerera pamalo pake. Pa masensa amenewa ine ndimakonda Denso, NTK kapena Bosch malinga ndi yomwe galimotoyo inabwera nayo, bola ikhale yeniyeni chifukwa zachinyengo zolembedwa mayina omwewa ziliponso.

Sensa itha kukhalanso yolondola koma sanamange mokwana, kapena pomasula yakale ulusi unaphwanyika, kapena pogwira ntchito wina anakoka kapaipi ka vacuum osabwezera. Zonsezi zimatulutsa P0171.

Chida chomwe chingakuthandizeni kwambiri apa ndi live data, manambala omwe sikana imaonetsa injini ikulira, osangoti kuwerenga khodi nkufufuta. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mapini 16, imeneyo ndi OBD2, ku America inakhala lamulo kuyambira magalimoto a 1996, ku Europe a petulo 2001 a dizilo 2004. Kachipangizo kakang'ono ka Bluetooth kamtundu wa ELM327 kolumikiza ku foni kamakwanira kuona zomwe ndikunenazi, kungoti magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan amakana kuyankhula ndi tizipangizo totchipati, amafuna makina aakulu. Muone manambala awiri, short term fuel trim ndi long term fuel trim. Awa amaonetsa kuti kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa mafuta ochuluka bwanji pa omwe inawerengera poyamba. Mukawaphatikiza, injini yabwino imakhala mkati mwa 10% uku kapena uku. Kuti khodi ngati yanuyo ituluke nthawi zambiri amakhala adutsa 20% kumtunda.

Tenthetsani injini mpaka fani izungulire, muwerenge ikungolira payokha pa idle, kenako pondani mpaka 2,500 rpm mugwire pompo muwerengenso. Ngati pa idle nambala ili pamwamba, tinene 22%, koma mukaponda yatsika kufika 5%, ndiye kuti pali pomwe mpweya ukulowa mwakuba kuseri kwa MAF, kompyuta osauwerenga. Pa idle injini imakoka mpweya wochepa nde kabowo kakang'ono kamasokoneza kwambiri, mukaponda kaboko kamamira mu mpweya wambiriwo. Izi zikugwirizananso ndi kunjenjemera kwanu kwa pa loboti, nchifukwa chake ndi pomwe ndikukayikira kwambiri. Malo ake odziwika ndi paipi yaikulu ya labala ija yochoka pa MAF kupita pa throttle body, polowera mpweya mu injini, imang'ambika mmakwinya ake chakunsi komwe diso silifika, muichotse muipinde muone. Kenako paipi ya PCV yobwezera nthunzi ya mu injini ku intake ndi valavu yake, paipi yopita ku brake booster, gasket ya intake manifold yomwe pa injini zina imadontha kukazizira nkutsekeka injini ikatentha, ndi purge valve yolowetsa nthunzi ya petulo ya mu thanki ku injini ikakanirira chotsegula. Njira yabwino yopezera ndi makina a utsi, amapopera utsi mu intake injini itazima nkuona pomwe ukutulukira. Ena amapopera carb cleaner mmapaipi injini ikulira nkumamvera ngati yasintha kulira, zimagwira koma ndi moto umenewo, mankhwala oyaka pafupi ndi ekizozi yotentha ndi makoyilo, sindingakuuzeni kuti muchite nokha.

Zikakhala mosemphana, pa idle zili bwino koma mukaponda nambala ikukwera, yang'anani MAF kapena mafuta. MAF ili ndi kawaya kopyapyala kotentha, kakamatidwa fumbi kapena oyilo kamawerenga mpweya wochepa kusiyana ndi womwe ukudutsa. Imatsukika ndi mankhwala ake olembedwa MAF cleaner, kupopera chapatali, osakhudza ndi nsalu kapena burashi, osapopera mpweya wa compressor, nkuisiya iume yokha musanabwezere. Muonenso air filter ngati yakhala bwino mu bokosi lake chifukwa ndi yomwe imalowetsa fumbilo. Mbali ya mafuta ndi fuel pump yotopa, filter yotsekeka kapena ma injector akuda, ndipo izi zimafuna geji ya pressure, osati kungomvera pampu ikulira mu thanki nkuti ili bwino.

Pali chinanso chomwe chimatha kutulutsa makhodi anu onse awiri nthawi imodzi ndipo anthu amachidumpha kwambiri, kubowoka kwa ekizozi. Munthu amaganiza kuti pobowoka utsi umangotuluka, koma utsi umayenda mogunda, pakati pa kugundako paipi imayamwa mpweya wakunja. Kabowo kakakhala sensa yakutsogolo isanafike, sensayo imaona okosijeni wambiri nkuuza kompyuta kuti mafuta achepa pomwe sanachepe. Kompyuta imathira ena, injini imayamba kumwa mafuta mopitirira, mapulagi amada, converter imalandira mafuta oposa omwe ingathe, koma pa sikana pakulembedwa kuti mafuta achepa. Kumwa mafuta komwe mwanenako kukugwirizana ndi izi. Kabowoko kakakhala pakati pa converter ndi sensa yakumbuyo kamasokoneza yakumbuyoyo nkubweretsa P0420 converter ili bwinobwino. Mmamawa injini isanatenthe ilizeni mumvetsere kaphokoso ka tiki tiki tiki kochokera ku manifold komwe kamachepa ikatentha, muyang'ane mwaye wakuda pa majoini, pa flexible pipe ndi pozungulira sensa yatsopanoyo. Silinda yomwe ikuphonyaphonya imachitanso zofanana, chifukwa mpweya womwe sunapse umakafika pa sensa ndi okosijeni wake yense, nde funsani ngati pa pending codes, makhodi omwe kompyuta yasunga koma sanayatse nyale, palibe P0300 mpaka P0304 zonena za kuphonya kwa silinda, ndipo ngati mapulagi simukukumbukira tsiku lomwe anasinthidwa atulutseni muwaone.

Pang'ono za thermostat, poti ndimaziona pafupipafupi. Ena amaichotsa poganiza kuti injini izizizira bwino. Injini yosafika pa kutentha kwake imamwa mafuta ambiri ndipo imadetsa converter ndi masensa. Pa live data yomweyo onani coolant temperature mutayenda ndithu, magalimoto ambiri amakhala chapa 85 mpaka 95 digiri. Ikamangokhala mma 60 muli ndi vuto lina lomwe likuthandizira kumwa mafutako.

Mukakonza za P0171, fuel trim yabwerera pafupi ndi 0, ekizozi sikudontha, ndi pomwe tingaweruze converter. Injini itatentha bwino gwirani 2,500 rpm kwa mphindi zingapo muone graph ya sensa yakumbuyo. Ikakhala bata converter ikugwira. Ikamakwera nkutsika mwachangu osapuma, yatha mphamvu. Galimoto itazizira mutha kuigogoda pang'ono ndi nyundo ya labala, ikamalira ngati muli timiyala ndiye kuti zamkati zasweka. Yotsekeka imadziwika ndi galimoto kukanika kukoka pokwera mtunda kapena kukana kupitirira liwiro lina olo muponde bwanji, ndipo amayeza ndi geji ya pressure pa bowo la sensa yakutsogolo. Ndikuuzeni chilungamo, pa makilomita 190,000 nkutheka ndithu kuti converter yanu yatopadi ndipo khodi yoyamba ija imanena zoona. Koma ndaonanso zambiri zomwe zinali mmalire chabe, titakonza kudontha kwa mpweya ndi mapulagi P0420 sinabwerenso.

Ngati yafadi, musanagule ina funsani chinaipha nchani, apo ayi yatsopanoyo idzafanso imfa yomweyo. Zomwe zimaipha ndi kuphonya kwa silinda kwa nthawi yaitali, mafuta ochuluka, injini yodya oyilo chifukwa phosphorus ndi zinc za mu oyilo zimamata pamwamba pa zitsulo zija, madzi a rediyeta olowa mu silinda gasket ikayamba kupsa, silicone wamba wopaka pa magasket yemwe sanalembedwe kuti sensor safe, ndi petulo wa lead. Zomwezi zimaphanso masensa. Nde tayang'anani, kodi oyilo mumawonjezera kangati pakati pa service ndi service? Madzi akumatsika popanda pomwe akudonthera? Utsi wabuluu mmamawa kapena woyera wosatha injini itatentha? Sensa yakale ija ikhozanso kukuuzani, nsonga yake ikakhala ndi mwaye wakuda wofewa ndi mafuta ochuluka, ikakhala yoyera ngati choko ganizirani silicone kapena madzi a rediyeta. Za mankhwala othira mu thanki olembedwa kuti amatsuka converter, atha kuthandiza pang'ono yomwe yangoda, koma yosungunuka kapena yosweka palibe botolo lingaidzutse.

Tibwere kwa alangizi anu awiri aja. Wa batireyo, inde nyale izima, koma palibe chomwe chakonzeka. Makhodi ambiri a utsi kompyuta siiyatsa nyale ikangoona vuto kamodzi, imasunga ngati pending nkudikira ilionenso pa ulendo wachiwiri, komanso mayeso a converter amachitika pokhapokha injini yatentha ndipo mukuyenda liwiro lokhazikika kwa kanthawi. Nchifukwa chake inakhala masiku angapo isanayakenso mutasintha sensa, sikuti inali itachira. Choipa nchakuti mukachotsa batire kapena kufufuta mumatayanso freeze frame, manambala omwe kompyuta inajambula pa nthawi yeniyeni yomwe vuto linachitika, liwiro, rpm, kutentha, fuel trim, zomwe kwa ife okonza ndi poyambira penipeni. Mumafufutanso zomwe kompyuta inaphunzira nde galimoto imatha kuvuta pa idle kwa kanthawi, wailesi ina imafuna khodi yake yotsegulira batire ikachotsedwa, ndipo ma readiness monitor onse, mayeso omwe kompyuta imadzichitira yokha, amabwerera pa not ready, kotero kumayiko komwe amayeza utsi polumikiza kompyuta galimoto yotero siidutsa. Vuto likakonzedwa zenizeni nyale imazima yokha pakatha maulendo 3 otsatizana opanda vuto. Ndipo nyale ikangokhala yoyaka miyezi ndi miyezi, tsiku lomwe kudzabwere vuto lina lalikulu simudzadziwa chifukwa nyale ndi imodzi yomweyo.

Wochotsa converter uja ndiye sindikugwirizana naye nkomwe. Choyamba sizizimitsa nyale, sensa yakumbuyo iona utsi wosatsukidwa ndipo P0420 ikhala pompo mpaka kalekale, kenako adzakuuzani kuti tiike ka spacer kotalikitsa sensayo ku utsi kapena tisinthe pulogalamu ya kompyuta, komwe ndi kungoiphimba maso basi. P0171 yanu ndi kumwa mafuta sizisuntha olo pang'ono. Mmayiko ambiri ndi mlandu, ndipo galimoto imatsika mtengo pogulitsa. Koma chomwe chimandikhudza ine kwambiri ndi utsiwo. Carbon monoxide alibe fungo alibe mtundu, ndipo galimoto yopanda converter imatulutsa wambiri zedi. Amene amapuma ndi ana oyenda mmbali mwa msewu, anthu okhala mu galimoto yakumbuyo kwanu pa mzere, ndi inu nomwe ndi banja lanu ngati pansi pa galimoto kapena labala ya chitseko chakumbuyo ili ndi mpata. Dziwaninso kuti converter yakale olo yakufa imagulidwa chifukwa cha zitsulo zamtengo zija, nde munthu akamakukakamizani kwambiri kuti ichoke mufunse kuti ikachoka ipita kuti. Ikasinthidwa yakaleyo ndi yanu.

Kwa ena omwe akuwerenga nawo ali ndi nyale yomweyi koma makhodi ena, mwachidule. P0442, P0455 ndi P0456 ndi za nthunzi ya petulo yothawa mu thanki, yambani ndi chitsekero cha thanki, chimangeni mpaka chilire, muone labala yake ngati siinang'ambike. P0135 ndi P0141 musanagule sensa onani fyuzi ndi mawaya ngati sanapse pa ekizozi, chifukwa sensa imafuna kutentha kopitirira 300 digiri kuti iyambe kugwira ndipo hita yake imadalira magetsi amenewo. P0401 kawirikawiri ndi mwaye wotseka njira za EGR zobwezera utsi wina mu injini, kutsuka kumathandiza. A dizilo zamakono muli ndi zanu, DPF, sefa ya mwaye ya pa ekizozi, yomwe imafuna ulendo wautali kuti iwotche mwaye wake chapa 600 digiri, kasensa ka pressure komwe timapaipi take timatsekeka kapena kung'ambika, ndi AdBlue, mankhwala amadzi otsukira utsi, yomwe ikatha galimoto imachenjeza kenako imadzakana kulira mukazimitsa. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Zomwe mungachite nokha achimwene ndi kuona mapaipi, air filter, kumvetsera ekizozi, kuona oyilo ndi madzi, kuwerenga fuel trim ngati muli ndi kachipangizo kaja. Za pressure ya mafuta, makina a utsi ndi kumasula sensa yomwe yagwira dzimbiri asiyireni odziwa, ulusi wa pa manifold ukaphwanyika ntchito imakula, ndipo musalowe pansi pa galimoto yomwe yangokhala pa jeke yokha. Musadikire olo tsiku limodzi ngati nyale yayamba kuphethira, mphamvu zatha mwadzidzidzi, geji ya kutentha ikukwera, mukumva fungo la petulo kapena la mazira owola kwambiri, pansi pa galimoto pakutentha modabwitsa, kapena mutu ukumakupwetekani ndi chizungulire mukamayendetsa, chomalizachi tsegulani mawindo muime pompo chifukwa utsi ukhoza kukhala ukulowa mkati.

Popita ku galaja sankhani komwe amakuonetsani manambala pa sikana, ndipo muwauze asafufute kanthu musanajambule makhodi onse, ma pending ndi freeze frame pa foni yanu. Akakuuzani kuti tigule chakuti, funsani kuti mwayeza chani chomwe chaonetsa kuti chimenecho chafa, makanika wabwino sakwiya ndi funso limeneli. Akamaliza kukonza musakhutire ndi nyale yozima pa geti, yendani nayo masiku angapo kuphatikizapo ulendo wa msewu waukulu, mubwerere akaone ngati catalyst monitor, mayeso a converter aja, yalemba ready popanda khodi yobwerera. Mukapeza manambala a fuel trim a pa idle ndi a pa 2,500 rpm, part number ya sensa yomwe anaikayo komanso ngati ndi yakutsogolo kapena yakumbuyo, mundilemberenso pamodzi ndi mtundu wa injini yanu, tidzaone limodzi poyambira kumasula.